Funsani Adokotala: Magazi ali bwinobwino, nanga MS yabisala pati?

FUNSO

Adokotala, ndine mayi wa zaka 28, ndimaphunzitsa ana a pulayimale. Chaka chatha diso langa lakumanzere linayamba kuona mwachimbuuzi, ndipo ndikaliyendetsa linkapweteka kumbuyo kwake. Chinthu chofiira ndikachiyang'ana ndi diso limenelo chinkaoneka chosuluka. Patapita masabata angapo linachira lokha. Tsopano miyendo yayamba kuchita dzanzi kuyambira kuphazi mpaka m'chiuno, ndipo ndikaweramitsa mutu kuti ndichonge makope a ana ndimamva ngati magetsi akutsika ndi msana.

Kuchipatala ananditenga magazi. CRP inapezeka 2, ESR 11, maselo oyera ali pa mulingo wake. Koma dokotala akuti akukayikira multiple sclerosis, imene amangoti MS, ndipo akufuna ndijambulidwe ndi makina a MRI, mwinanso anditenge madzi a mumsana. Ine ndawerenga kuti MS ndi matenda a kutupa, ndiponso kuti CRP ndi ESR zimayeza kutupa. Ndiye zikugwirizana bwanji? Amuna anga akuti poti magazi ali bwino, ndi maganizo chabe, ndingopuma. Nanenso singano ya pamsana ndikuiopa. Ndamva kuti kwabwera kuyeza kwatsopano kwa magazi kotchedwa neurofilament. Kodi sindingangoyezetsa kumeneko m'malo mwa singano?

Mayi T.

YANKHO

Mayi, choyamba auzeni bambo akunyumbako kuti zimenezi si maganizo. Diso lopweteka poliyendetsa, mtundu wofiira n'kusuluka, dzanzi lokwera mpaka m'chiuno, magetsi otsika ndi msana mukawerama: chilichonse mwa zimenezi chili ndi malo ake enieni m'thupi. Za diso zikuloza ku mtsempha wa diso, zinazo ku mtsempha waukulu wa mumsana. Magetsiwo anawafotokoza bwino ndi Jean Lhermitte, dokotala wa ku France, mu 1924, ndipo mpaka lero amatchulidwa dzina lake. Sindingagamule m'kalata kuti muli ndi MS, matenda owononga mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana, koma ndikanakhala ine m'chipinda chija ndikanapempha zomwezo zimene dokotala wanu wapempha.

CRP ya 2 ndi ESR ya 11 sizikutsutsana ndi MS ngakhale pang'ono. Ndi zimene ndimayembekezera kuona mwa munthu amene matendawa angomuyamba kumene.

CRP ndi puloteni imene imapangidwa m'chiwindi. Mabakiteriya akalowa m'mapapo kapena mu impso, asilikali a m'thupi amatulutsa kamthenga kotchedwa interleukin-6. Kamthengako kamayenda ndi magazi mpaka kuchiwindi, ndipo chiwindi chikalandira uthengawo chimayamba kukhuthula CRP. Pakangotha maola 6 kapena 8 imakhala itayamba kukwera, ndipo pa chibayo choopsa imatha kupitirira 200. Anaitulukira ndi William Tillett ndi Thomas Francis ku New York mu 1930, m'magazi a anthu odwala chibayo. ESR ndiye yachikale kwambiri. Amathira magazi m'kachubu kakatali n'kukaimika, pakatha ola limodzi n'kuona kuti maselo ofiira amira mamilimita angati. Mapuloteni a kutupa akachuluka, maselowo amamatirirana n'kumira msanga. Imakweranso munthu akamakalamba, akakhala woyembekezera, kapena magazi akachepa m'thupi. Zonse ziwirizi zimasuntha pamene kutupako kwafika m'magazi oyenda thupi lonse.

MS siichitikira kumeneko. Timitsempha ta magazi ta mu ubongo ndi mumsana tili ndi mpanda: maselo a m'makoma mwake ndi olumikizana mothina kwambiri, moti zambiri za m'magazi sizilowa ndipo za mkatimo sizituluka wamba. Pa MS, maselo oyera ena a mtundu wa lymphocyte amadutsa mpandawo pamalo ochepa, n'kuyamba kuwononga myelin, chikuto chamafuta chimene chimakuta mitsempha kuti uthenga uzithamanga. Bala lililonse limakhala laling'ono, nthawi zambiri la mamilimita ochepa chabe. Koma mtsempha wa diso m'lifupi mwake ndi mamilimita 3 kapena 4 okha, ndipo muli tiulusi toposa 1 miliyoni. Wa mumsana ndi wa sentimita imodzi ndi pang'ono, ndipo uthenga wonse wopita ndi wochokera kumiyendo umadutsa momwemo. Kabala kakang'ono pamalo otere kamakwanira kuchititsa diso mdima kapena miyendo dzanzi, chiwindi osamva kalikonse.

Munthu wa zizindikiro ngati zanu akandibwerera ndi CRP ya 80, kapena ESR yokwera kwambiri, MS ndimayamba ndaiika kaye pambali. Ndimaganiza za TB ya mumsana, za matenda otupitsa mitsempha ya magazi, ndi za matenda ena otupitsa ziwalo monga lupus ndi sarcoidosis. Choncho pepala lanu lija silinakuchotseni pa MS. Lachepetsako mwayi wa matenda enawo.

Ofufuza ayesetsa kufunafuna chizindikiro cha MS pa kuyeza wamba kumeneku. Akasonkhanitsa odwala ambiri n'kuwayerekeza ndi anthu abwinobwino, nthawi zina amapeza kusiyana pang'ono, makamaka akagawa chiwerengero cha maselo oyera a mtundu wa neutrophil ndi cha ma lymphocyte, chimene amachilemba kuti NLR. Kusiyanako kumaoneka pagulu. Pa munthu mmodzi sikuthandiza, chifukwa manambala a odwala ndi a anthu abwino amalowana kwambiri, ndipo chimfine, fodya, kapena jakisoni wa dzulo wa steroid (mankhwala ochepetsa kutupa) zimasuntha NLR kuposa mmene MS ingaisunthire. Ndimaona anthu akudziwerengera NLR pa foni n'kumalephera kugona. Inu musayambe zimenezo.

Nanga magazi timatengeranji? Timafufuza matenda amene amafanana ndi MS. HIV, chindoko, kachilombo ka HTLV-1, kuchepa kwa vitamini B12, zonsezi zimatha kugwira mtsempha wa mumsana, ndipo njira yozithandizira ndi ina kotheratu. Musakhumudwe akakupemphani kuyeza HIV ndi chindoko. Aliyense timamupempha, kaya ndi ndani.

Koma pali kuyeza kumodzi kumene ndikufuna mukafunse ndi pakamwa panu: aquaporin-4. Kuli matenda otchedwa neuromyelitis optica, amene kwa zaka zambiri madokotala ankawaona ngati mtundu woopsa wa MS. Mu 2004 Vanda Lennon ndi anzake a ku Mayo Clinic ku America anapeza m'magazi a odwalawa antibody (puloteni ya chitetezo cha m'thupi) amene mwa odwala MS mulibe, ndipo chaka chotsatira anazindikira kuti amalimbana ndi aquaporin-4, puloteni imene imadutsitsa madzi m'maselo ena a ubongo. Matendawa amakonda malo awiri omwewo amene akuvutani inu, diso ndi msana. Amagwira kwambiri amayi, ndipo amapezeka kawirikawiri mwa anthu akuda ndi a ku Asia kuposa mwa azungu. Amamenya mwamphamvu: kudwala kamodzi kokha kumatha kusiya munthu wakhungu kapena wosayenda. Chimene chimandiopsa kwambiri n'chakuti mankhwala ena abwino a MS, monga interferon beta, natalizumab ndi fingolimod, amatha kuwakulitsa. Poti diso lanu linachira lokha, nkhani yanu ikukokera ku MS. Komabe ine sindingalole m'bale wanga kuyamba mankhwala a MS asanayezedwe antibody wa aquaporin-4, pamodzi ndi antibody wina wolimbana ndi puloteni yotchedwa MOG. Awiriwa amaoneka bwino m'magazi kuposa m'madzi a mumsana, ndipo ndi bwino magaziwo atengedwe musanalandire steroid.

Tibwere ku neurofilament. Zimene mwamvazo ndi zoona, ndipo kwa ife amene timaona odwala mitsempha ndi nkhani yosangalatsa. Neurofilament ndi puloteni imene imalimbitsa ulusi wa mtsempha mkati mwake. Ulusiwo ukavulala, zidutswa zake zimagwera m'madzi a mu ubongo ndi mumsana, ndipo zochepa zokha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 40, ndi zimene zimaoneka m'magazi. Makina akale sankatha kuziona bwino. Amene anatsegula njira ndi makina a Simoa, amene amawerenga mamolekyu limodzilimodzi.

Asilikali a dziko la America amatengedwa magazi polowa usilikali ndiponso pakapita nthawi, ndipo otsala amasungidwa mufiriji kwa zaka zambiri. Kjetil Bjornevik, Alberto Ascherio ndi anzawo a ku Harvard anakatenga magazi akale a asilikali amene pambuyo pake anadzadwala MS. Zimene anafalitsa mu 2020 zinaonetsa kuti neurofilament inali itakwera kale zaka pafupifupi 6 munthu asanamve chizindikiro choyamba. Mu 2022 gulu lomwelo, litafufuza asilikali oposa 10 miliyoni, linapeza kuti mwayi wodwala MS umakwera kuwirikiza ka 32 munthu akatenga kachilombo ka Epstein-Barr, ndiponso kuti neurofilament imayamba kukwera pokhapokha kachilomboko katalowa. Musathamangire kukayezetsa Epstein-Barr: anthu akuluakulu pafupifupi 95 mwa 100 alionse ali nako, pamene odwala MS padziko lonse mu 2020 analipo pafupifupi 2.8 miliyoni. Chimene ine ndimatolapo pa kafukufukuyu n'chakuti diso lanu la chaka chatha mwina silinali chiyambi. Matendawa amayamba mwakachetechete.

Vuto la neurofilament n'lakuti siitchula dzina la matenda. Ili ngati zidutswa za njerwa zimene madzi akokolola: zimakuuza kuti khoma lagumuka kumtunda, koma sizikuuza chimene chaligumula. Imakwera pa sitiroko, pa kuvulala m'mutu, pa matenda ofooketsa minofu a ALS, pa matenda oiwalitsa a Alzheimer, ndiponso pa neuromyelitis optica yomwe ija. Imakwera yokha ndi zaka, pafupifupi 2 peresenti pa chaka. Imatsika mwa anthu onenepa chifukwa magazi awo ndi ambiri, imakwera impso zikafooka. N'chifukwa chake akatswiri a ku Basel ku Switzerland mu 2022 anakonza matchati oyerekezera nambala ya munthu ndi ya anzake a msinkhu ndi thupi lofanana. Ndipo munthu amene ali ndi MS yeniyeni, matenda akakhala phee kwa miyezi, neurofilament yake imatha kupezeka yabwinobwino. Kumene imathandiza ndi patsogolo: munthu akadziwika kale kuti ali ndi MS, nambala yokwera imachenjeza kuti mitsempha ikuwonongekabe, ndipo mankhwala akamagwira imatsika. Ngati mungaipeze, yezetsani kuti padzakhale poyerekezera. Koma siingalowe m'malo mwa MRI kapena madzi a mumsana.

Madokotala padziko lonse amatsimikiza MS potsata mfundo za McDonald, zotchulidwa dzina la Ian McDonald, dokotala wochokera ku New Zealand amene ankagwira ntchito ku London. Zinatuluka mu 2001, n'kukonzedwanso mu 2005, 2010, 2017 ndi 2024. Kwenikweni zimafunsa ngati mitsempha yawonongeka pamalo osiyanasiyana, ngati pali umboni woti matendawo sanangomenya kamodzi n'kutha, ndiponso ngati palibe matenda ena amene angafotokoze bwino zimenezi. Palibe pamene zimatchula CRP, ESR kapena neurofilament ngati umboni wa MS.

Yambani ndi MRI ya ubongo ndi ya msana. Kawirikawiri amabaya mankhwala a gadolinium mumtsempha wa pamkono. Pamene mpanda uja wangobooka kumene, mankhwalawo amalowa ndipo bala limawala, koma limawala kwa masabata ochepa chabe. Choncho chithunzi chimodzi chikaonetsa bala lowala pafupi ndi zipsera zosawala, ndiye kuti pali chatsopano ndi chakale. Poti inu mwadwala kale kawiri pamalo awiri, n'zotheka kuti MRI yokha ikwanire. Funsani dokotala ngati angayambe waona chithunzicho asanagamule za singano.

Akanena kuti singano ikufunikabe, lolani. Chimene amafufuza m'madzimo chikuyankha funso lanu lenilenilo. Tsiku lomwelo amatenga madzi a mumsana ndi magazi, n'kuziyeza moyandikana. Akapeza mizere ya ma antibody m'madzi a mumsana imene m'magazi mulibe, ndiye kuti ma antibody amenewo akupangidwira mkati mwa mpanda. Mizereyi, imene amaitcha oligoclonal bands, imapezeka mwa odwala MS pafupifupi 9 mwa 10 alionse. Umboni wake wagona pa kusapezeka kwake m'magazi. Mfundo za 2024 zinawonjezerapo kuyeza kwina kwa m'madzi omwewo, kwa tizidutswa ta ma antibody totchedwa kappa free light chains.

Mantha a singanoyi ndimawamvetsa. Anthu ambiri amadziwa wina amene anatengedwa madzi a mumsana kenako n'kumwalira, koma nthawi zambiri munthuyo amakhala kuti anafika ali kayakaya ndi matenda oumitsa khosi, ndipo singanoyo inali yofufuza chimene chinkamupha. Mtsempha waukulu wa mumsana umathera cha pa fupa loyamba kapena lachiwiri la m'chiuno, ndipo singano imalowa m'munsi mwa pamenepo. M'thupi mumakhala madziwa pafupifupi mamililita 150, ndipo thupi limapanga pafupifupi 500 pa tsiku. Ife timatenga 10 kapena 15. Chimene chimavutitsa ena ndi mutu umene umapweteka ukadzuka n'kuleka ukagona, ndipo kawirikawiri umatha pa masiku ochepa. Singano za nsonga yobulungira zimachepetsa kwambiri mutu umenewu, ndiye mukhoza kufunsa ngati ali nazo.

Chimene sindikufuna n'chakuti mukhale pansi chifukwa cha pepala la magazi. Ku America anatsatira kwa zaka 15 anthu amene anadwala mtsempha wa diso ngati inu. Mwa amene MRI yawo yoyamba inalibe bala, 25 mwa 100 anadzadwala MS. Mwa amene inali ndi bala ngakhale limodzi, anali 72 mwa 100. Ndipo pa MS mabala atsopano amaoneka pa MRI kawirikawiri kuwirikiza kangapo kuposa mmene munthu amadwalira moonekera, kutanthauza kuti mwezi umene mukumva bwino si umboni woti mkati muli bata. Mankhwala oyamba ochepetsa MS anavomerezedwa mu 1993, lero alipo ambiri, ndipo amateteza bwino akayambidwa msanga. Mu 2023 bungwe la WHO linaika atatu, cladribine, glatiramer acetate ndi rituximab, pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Ngati mukufunabe ana, nenani pa tsiku loyamba lokambirana za mankhwala. MS siiletsa kubereka, koma mankhwala ena safunika pa mimba, ndiye kusankha kumadalira zimenezo. Popita kukamva zotsatira za MRI mutengane ndi bambowo, akaone chithunzicho ndi maso awo.

FUNSO

Adokotala, akazi anga ali ndi MS kwa zaka 4 ndipo amalandira mankhwala. Sabata yatha mwendo umene unafooka poyamba paja unafookanso, thupi linatentha pang'ono. CRP inapezeka 60. Ine ndinkayembekezera diripi ya steroid ngati kale, koma dokotala anayeza mkodzo n'kupereka mankhwala opha mabakiteriya basi. Kodi sanatinyalanyaze?

Bambo K.

YANKHO

Bambo, sanakunyalanyazeni. Apa ndi pamene CRP imagwira ntchito yake pa MS. Monga ndafotokozera mayi aja pamwambapa, MS payokha siikweza CRP kufika 60. Nambala yotere ikutanthauza kuti pali china m'thupi, ndipo mwa odwala MS chinacho kawirikawiri chimakhala m'chikhodzodzo.

Mtsempha umene unataya chikuto chake umatha kugwirabe ntchito, koma movutikira. Thupi likatentha, ngakhale ndi theka la digiri, uthenga umalephera kudutsa pachipsera paja, ndipo zizindikiro zakale zimabwerera ngakhale kuti palibe bala latsopano. Wilhelm Uhthoff, dokotala wa maso wa ku Germany, anaona zimenezi mu 1890 mwa odwala amene maso awo ankachita mdima akachita zolimbitsa thupi. Madzi osamba otentha amachitanso chimodzimodzi. N'chifukwa chake timati MS yabukanso pokhapokha zizindikiro zikakhala maola 24 kapena kuposerapo, munthu asakutentha thupi ndiponso alibe matenda ena. Mwa akazi anu mwendo ndi womwe uja, thupi linatentha, CRP inakwera. Zonsezi zikuloza ku mkodzo.

Steroid akanawavulaza. Diripi imene mukunenayo ndi methylprednisolone wambiri, galamu imodzi pa tsiku kwa masiku 3 mpaka 5, ndipo amafooketsa asilikali a m'thupi. Kupereka zimenezi mabakiteriya ali m'chikhodzodzo kumawatsegulira njira yokwera ku impso ndi kulowa m'magazi, makamaka mwa munthu amene akulandira kale mankhwala ochepetsa chitetezo. Ndipo ngakhale MS itabukadi, steroid amangofulumizitsa kuchira, sasintha pamene munthu adzathere. Kudikira masiku ochepa kuti matenda a mkodzo ayambe atha sikutayitsa mwendo.

Muziwayang'anira chonchi. Kutentha thupi kukatha, mwendo uyenera kuyamba kubwerera mmene unalili pa masiku ochepa. Ukapitiriza kufooka mankhwala atatha, kapena pakabwera chachilendo monga diso, mkono kapena kulephera kukodza, bwererani tsiku lomwelo. Akayamba kunjenjemera, kusanza kapena kumva kupweteka m'mbali mwa msana cha ku impso, musadikire kuti kuche. Ndipo ngati matenda a mkodzowa akubwerezabwereza, pemphani kuti awaunike chikhodzodzo akangomaliza kukodza. MS imatha kuchititsa kuti mkodzo uzitsalira, mwini wake osadziwa, ndipo ukamatsala woposa mamililita 100 mabakiteriya amaswana momwemo ngakhale amwe mankhwala kangati.